Bedi Pabalaza

Munther anaima pamwamba pa nyumba imene ankaganiza zogula, manja kumbuyo, akuyeza ndi maso pamene khola la nkhunda zake lingakhale. Mphepo ya ku Marj al-Hamam inkamukupiza malaya. Nyumbayo inali imodzi mwa zija zomangidwa mondondozana, khoma limodzi mabanja awiri, koma inali ndi khomo lakelake, kabwalo ka mtengo wa mandimu, zipinda zogona m'mwamba, ndi denga losalala loti munthu n'kuyendapo.

"Mayi a Laith! Tabwerani mudzaone kuno!"

Sanayankhidwe. Atasuzumira, anaona mkazi wake Widad ataima pakati pa masitepe, dzanja lina pakhoma, lina pabondo, ataluma mlomo. Mayiyo atangomva mapazi, anawongoka n'kuyamba kukanda khoma ndi chikhadabo.

"Pentiyu ndi wachinyengo," anatero. "Tsogolani, ndikubwera."

Padengapo sanafikepo.

Nyumba ya makolo a Munther, mmene awiriwa anakhalamo chikwatiranire, inali itagulitsidwa, abale n'kugawana zawo. Gawo lake linkakwana malo amodzi basi: nyumba iyi, kapena fulati imene anakaiona ku Khalda, m'mwamba mwa nyumba yosanjikizana, yokhala ndi chikepe chokweza anthu ndi mlonda pakhomo. Kumeneko kunalibe masitepe oti munthu avutike nawo. Kunalibenso malo a nkhunda. Denga linali la onse okhalamo, ndipo anagwirizana kuti chamapiko chisawetedwe. Munther anayamba kuweta nkhunda asanamere ndevu, ndipo chipumire pa ntchito yauphunzitsi, madzulo ake onse ankathera pa kuziulutsa ndi kuziitana ndi likhweru.

Madzulo a tsikulo mwana wawo Laith anaimba foni kuchokera ku Dubai.

"Ababa, tengani fulati. Mukufuna amayi azikwera masitepe ngati mbuzi? Nkhundazo apatseni amalume a Fawzi."

"Amalume akowo? Sabata isanathe adzakhala atazidyera mpunga."

Anaseka onse awiri, kenaka foni inaduka. Koma dzanja lija la Widad pabondo silinkamuchoka Munther m'maso. Anakwera kukhola, n'kugwira nkhunda yake yoyera ya mphete yakuda m'khosi. Kamtima kake kankagunda m'chikhatho mwake. Anaigwira nthawi yaitali, kenaka anaibwezera.

Lachisanu atabwerako ku mzikiti, anadikira kuti Widad athire khofi.

"Ndaganiza," anatero mokweza ngati wolengeza za ukwati. "Titenga fulati. Chikepe, mlonda, madzi otentha. Tizikhala ngati nduna."

"Nanga nkhunda?"

"Zanditopetsa. Zitosi zokhazokha."

Widad anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Bodza silikukhalani, bambo a Laith. Makutu anu afiira. Munandiona pamasitepe paja."

"Ndinakuonani."

"Ndiye mwagamula nokha, inu ndi mwana wanu wapafoniyo, kuti mukandipachike m'mwamba ngati diresi losavala? Ine munandifunsa?"

Munther ankayembekezera misozi yothokoza, mwinanso dzanja paphewa. Anali atasenza nsembe yakeyo masiku onsewa monyadira chamumtima, ndipo sanaganizepo kuti mwiniwake angaikane.

"Ku Khalda kuja ndinaima pawindo," anapitiriza Widad. "Anthu pansi ngati nyerere, wopanda woti ndimufunse kuti tomato wagula kuti. M'chikepe ndinapatsa moni mayi wina, iye maso pafoni. Miyendoyi ikadzakaniratu, ndidzacheza ndi ndani kumwambako? Mitambo? Koma ku Marj, inu mukuyeza denga lanu, ine nditatsika ndinapeza mayi wa nyumba yoyandikana akusuzumira pampanda. Anandipatsa masamba a mphesa oti ndikaphike, n'kundiuziratu kuti mpongozi wake ndi waulesi. Tsiku loyamba limenelo!"

"Koma zipinda zogona zili m'mwamba."

"Bedi lili ndi mizu? Pansi pali bafa, pali khitchini. Bedi tiika pabalaza."

Munther anatsamwa ndi khofi. Pabalaza! Kwa iye pabalaza panali nkhope ya mwamuna. Mpamene pankakhala mipando yosemedwa ya malemu bambo ake, mpamene ankalandirira alendo a pa Idi ndi obwera kudzapepesa maliro. M'banja mwawo monse munalibe amene mlendo anamuonerapo pogona.

"Anthu adzati chiyani? Alendo tidzawakhazika pati?"

"Pabwalo, pansi pa mandimu. Kukazizira akhale pabedi. Zikamunyansa wina, akamwe khofi kwawo." Widad anadzisisita bondo. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Mawondowa ndi anga."

Munther anayang'ana mkazi wake. Imvi zinkatulukira m'mphepete mwa mpango wake, koma maso anali omwe aja amene anamukana kawiri asanamulole. Anazindikira kuti kusiya nkhunda kunali kopepuka kwa iye kuposa kusiya ulemu wa pabalaza, ndipo anachita manyazi.

"Laith adzakalipa," anatero chapansipansi.

"Akalipire ku Dubai komweko."

Anasamukira ku Marj dzinja lisanathe. Mipando ya malemu inakwezedwa m'chipinda cham'mwamba, mmene munkangolowa fumbi. Bedi linaikidwa pabalaza, moyang'anizana ndi windo la kubwalo, ndipo Widad analiyala nsalu yamaluwa. Masitepe aja sanawapondenso. M'mawa ankatenga ndodo yake n'kukakhala pampanda kumva za mpongozi waulesi uja, amene anapezeka kuti ndi mtsikana wabwinobwino wongokonda tulo.

Mlendo woyamba anali Fawzi, mchimwene wake wa Widad, munthu wa pakamwa posagona. Anafika mvula ikugwa, moti za pabwalo zinali zosatheka. Anaima pakhomo la pabalaza, jekete likudontha, akuyang'ana bedi lija, kenaka mlamu wake.

"Khalani, alamu," anatero Munther, akuloza pabedipo.

"Kodi ndabwera kudzacheza kapena kudzazonda odwala?"

"Khalani pansi, achimwene, musatidonthezere madzi," anatero Widad.

Fawzi anavula jekete n'kukhala m'mphepete mwa bedi, mowongoka ngati ali kwa dokotala. Anadinikiza matiresi ndi dzanja, n'kugwedeza mutu. Atamwa kapu yoyamba anavula nsapato. Ali pakati pofotokoza za msewu woipa wa kwawo, anatsamira pilo, mawu n'kuyamba kutalikirana. Khofi wachiwiri asanathiridwe, anali akuliza mkonono.

Widad anamufunditsa bulangete. Munther ananyamula makapu, n'kupereka mkono kwa mkazi wake, ndipo anapita kukapitiriza kucheza kukhitchini, akulankhula monong'ona kuti asadzutse mlendo.