Njereza ya a Mphatso

Anthu akamva kuti ndinkasunga madzi amchere m'mphepete mwa nyanja ya madzi akumwa, amaseka. Aseke. Ntchito imeneyo, pa loji ina ku Senga Bay, ndi imene inadyetsa ana anga awiri zaka zisanu ndi ziwiri. Eni ake a lojiyo, a Fletcher, anaika thanki yaikulu yagalasi polandirira alendo. Munali makorali, tizamoyo ta kunyanja yamchere timene timamanga miyala yanthambi ngati chinangwa chophukira. Tsiku loyamba lomwe anandiuza mosapsatira kuti makoraliwo akadzafa, ntchito yanga idzathera pomwepo.

Makorali ndi adyera. Pomanga nthambi zawo amayamwa kashiyamu m'madzi, komanso mphamvu ina imene imaletsa madziwo kusasa. Ziwirizi uyenera kubwezeretsa tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse ndinkatunga madzi m'kabotolo, n'kumadonthezamo mankhwala mpaka mtundu usinthe. Madontho akakwana asanu ndi atatu, ndiye kuti zili bwino. Kale tinkathira za m'mabotolo awiri ochokera kunja, lina la kashiyamu, lina la mphamvuyo. Chaka chimene nyanja inasefukira mpaka kulowa m'nyumba za anthu, mabotolowo anasiya kubwera. Madontho anatsika kufika asanu, nsonga za makorali zinayamba kutuwa, ine mtima unali m'mwamba.

Ndinaimbira a Fletcher, amene nthawi zambiri amakhala ku Lilongwe.

"Njira zilipo zitatu, Nafisa," anatero. "Mabotolo, amene kulibeko. Makina osungunula miyala ndi gasi. Kapena madzi a njereza. Sankha wekha, katswiri ndiwe."

Bwana akakutcha katswiri, dziwa kuti akukonza pokankhira mlandu. Makina ndinawakana. Ndi magetsi athu ozimazimawa, gasi wake wokatenga mpaka ku Lilongwe, ndani angalimbe? Njereza ya m'sitolo yopakira nyumba ndinaiopa, siudziwa zimene asakanizamo. Ndinafuna yoyera, yootcha kuchokera ku zigoba za nkhono, monga ankapangira makolo athu ya fodya wawo wotafuna.

Woumba njerwa wina, a Mphatso, anavomera kundiwotchera. Anali mlendo kunyanja kuno, kwawo ku Chinguluwe, munthu wa tchalitchi, wofatsa ngati nkhosa. Patatha sabata anabwera ndi ndowa yodzaza ufa woti mbee. Ndinkasungunula supuni ziwiri m'madzi, n'kudikira kuti zidikhe, kenako madzi apamwamba oyerawo n'kumawadonthezera m'thanki pang'onopang'ono.

Zinagwira. Madontho anabwerera pa asanu ndi atatu, kutuwa kunatha, nthambi zatsopano zinaphuka. M'miyezi itatu makorali anakula kuposa zaka ziwiri za mabotolo aja. Ndinkayenda monyang'wa, sindibisa.

Chimene chinayamba kundisowetsa mtendere ndi kupendekeka. Korali amakula molunjika kuwala, ndipo magetsi a thankiyo anali pamwamba. Koma nthambi zatsopano zonse zinkapindikira mbali imodzi, kungodya ya kumpoto kumene kunalibe windo kapena babu. Ndinati mwina ndi pampu, ndinaisuntha. Ndinatembenuza mwala umodzi kuti nthambi zake ziloze kukhomo. Masabata awiri okha, nsonga zake zinali zitakhota kubwerera komwe kuja.

Lachisanu lina masana, alendo onse ali kunyanja, ndinayala mkeka wanga wa swala, wopemphererapo, m'chipindamo chifukwa kunja kunali mphepo. Nditamaliza ndinakweza maso. Makorali onse ndi ine tinali titayang'ana kumodzi, kukibula, kumene Asilamu timaloza popemphera. Pampu inkangolira monga mwa masiku onse, tinsomba tinkangosambira, koma ine ndinamva ngati ndakhala kumbuyo kwa mzere wa anthu oswali.

Madzulo asanafike ndinali pauvuni wa a Mphatso.

"Bambo, zigoba zija mumatola kuti?"

"Pafupi pompa, mayi. Kuseri kwa mitengo ya mango yomira ija, pamene madzi aphwa. Pali zigoba zambirimbiri, mumangokokola ndi fosholo."

"Tiyeni mukandionetse."

Sitinafunike n'kufika komwe. Ndinaima patali. Anali manda akale a mtundu wathu, amene nyanja inawamiza itasefukira muja. Manda athu sakhala ndi mitanda kapena ziliza za simenti. Ndi mitumbira chabe, mwala kumutu, mwala kumiyendo, ndipo madzi anali atasalaza zonse. Munthu wa ku Chinguluwe akanaona chiyani pamenepo, kupatula mchenga ndi zigoba?

"Munkangopeza zigoba zokha?" ndinafunsa.

A Mphatso anakanda kumutu. "Munkakhalanso tizidutswa tina toyera, tofumbutuka. Ndinkati ndi mafupa a kampango kapena a mbuzi. Pamoto zonse zimasanduka ufa umodzi."

"Inna lillahi," ndinangotchula mawu athu a pamaliro. "Bambo anga agona pamenepo."

Munthuyo anakhala pansi pamchenga, manja kumutu. Ndinafuna kumukalipira, koma mkwiyo unandibwerera ndekha. Amene ndinasankha njereza ndine. Amene ndinkayeza supuni ziwiri m'mawa uliwonse, n'kumaimba nyimbo, ndine.

Ndinauza achimwene anga a Sulaiman, iwo anakauza ashehe. Yankho linali lachidule: cha munthu chibwerere kunthaka. Ufa wotsala m'ndowa sunali wovuta. Koma nanga zimene zinalowa kale m'nthambi zija?

Ndinaimbiranso a Fletcher, ndinafotokoza zonse. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wosowa chonena.

"Pepa kwambiri, Nafisa. Njerezayo itaye, tipeza ina. Koma makorali usawakhudze. Ukathyola nthambi zonse zatsopano pakamodzi, ambiri afa. Ukudziwa zimene tinagwirizana."

"Ndikudziwa, bwana."

Ndinaganizira ana anga, ndinalira ndithu. M'mawa mwake ndinatenga pulayala, ndinapinda manja a diresi, n'kuyamba kudula. Nthambi iliyonse ndinkaidziwa pamene inalekezera njereza isanabwere. Zinkathyoka ndi kaphokoso kouma, ngakhale zinali m'madzi. Pofika chakumasana thanki inali mbuu, makorali atatsala zitsa zokhazokha. Ndinatsuka zidutswazo ndi madzi abwino katatu, ndinazikulunga pamodzi ndi ufa uja m'nsalu yoyera yatsopano. Makiyi ndinawasiya pakauntala.

Kamtoloko kanali kochepa ngati khanda. A Sulaiman anabwera kudzakatenga, anakanyamula ndi dzanja limodzi, koma kanakana kunyamuka. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anagwada, anati Bisimillahi, anakakweza ndi manja awiri mpaka paphewa, mitsempha ya m'khosi itatuluka.

Manda atsopano ali kumtunda, kuseri kwa msewu. Sitinalengeze kwa aliyense. Koma titangodutsa pokokera mabwato, msodzi wina anasiya ukonde umene ankasoka, anapukuta manja, n'kudzapereka phewa lake, monga amuna amachitira jeneza la maliro likamadutsa. Anayenda nako mapazi khumi, wina anamulandira. Kenako wogulitsa usipa, kenako wakabaza amene anangogwetsa njinga yake m'mbali mwa njira. Palibe anafunsa kuti mwakulungamo chiyani, ndipo palibe amene anapirira nako mtunda wautali.

Ine ndinaima pamsewu, pamene akazi timalekezera. Ndinalibenso ntchito yobwererako, choncho ndinakhala pamenepo n'kumawaona akulandizana mpaka analowa m'mitengo.