Nsomba Ziwiri za Bambo Ou

"Ndikapita, musakangotapa nsomba zangazi n'kukazikhuthulira padoko," anatero bambo Ou ali m'chipatala. "Si zonse za nyanja ino." Ana awo anaseka, n'kuwauza kuti amwe phala la mpunga lisanazizire.

Tsopano linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirireni, ndipo Mei-hua, mwana wawo woyamba, anaima pa thanki yagalasi kaukonde kali m'manja. Amonke achibuda anali atanena kuti kumasula zamoyo kumapeputsa ulendo wa womwalira. Dzulo lake anakamasula nsomba zachikasu padoko la Keelung. Posakhalitsa zinayandama chagada m'madzi ozizira a Januwale, aliyense n'kuyang'ana kumbali. M'thanki munatsala ziwiri, zazing'ono ngati chikhatho cha mwana, zabuluu, zamizere yoyera.

Pei-ling, mkazi wa mlongo wake wa Mei-hua, anali pakhomo la khitchini khanda lili pachifuwa. Maso ake ankapita pakaukonde, pandowa, n'kubwerera pakaukonde. M'nyumba muno anali asanatsutsepo munthu.

"Alamu," anatero. "Taimani kaye."

"Chavuta n'chiyani? Mwana wanyowetsa?"

"Ayi, nsombazo. Sizofanana."

"Zonse zabuluu, zonse zili ndi michira. Kapena ina yakuonetsa chiphaso?"

Wen-lung, mwamuna wa Pei-ling, anadzutsa mutu patebulo pomwe ankapinda maluwa amapepala okawotchera malemu. "Iwe, asiye achemwali achite mwambo."

"Musiyeni anene," anatero mayi Ou, mkazi wa malemu, zala zawo zikupindabe pepala.

Pei-ling anayandikira galasi. Ali m'chikuta, mwana akavuta, apongozi ake aamuna ankamukokera mpando pomwepa, poti khandalo linkatonthola likaona nsomba. Ankaziloza imodziimodzi, akulankhula ndi mdzukulu wawo ngati munthu wamkulu.

"Ankaphunzitsa mwanayu, ine ndinkangomvera nawo," anatero. "Yang'anani chakumchira. Iyi mizere yake ikuzungulira n'kukumana, ngati madzi ukaponyamo mwala. Ankati ndi mfumukazi, ikadzakula idzavula zonsezi n'kuvala chikasu. Anawatumizira ndi achimwene awo kuchokera kwawo kuchilumba cha Liuqiu. Inayi mizere yake yangotsika, osakumana. Ndi ya kunyanja ya Aluya, kuno ilibe kwawo. Ndipo padoko lathuli zonse ziwiri zikafa ndi kuzizira, ngati zadzulo zija."

Apa m'pomwe zadzulo zinatchulidwa koyamba. Pei-ling anagwira pakamwa, n'kuyamba kugwedeza mwana yemwe sankalira n'komwe.

Mei-hua anawerama, mphuno pafupi ndi galasi, n'kuyang'anitsitsa. Ataweramuka, m'maso munali misozi.

"Ndiye bambo apite chimanjamanja? Zaka zonsezi ndili ku Taipei, sindinawaphikirepo ngakhale msuzi. Ndimati chokhachi ndiwachitire."

"Msuzi wako ukanawapha kalekale, achemwali," anatero Wen-lung motsitsa mawu.

Mei-hua anamumenya ndi kaukonde konyowa, akuseka uku akulira.

Mayi Ou anaika duwa lawo pamulu, n'kudzuka atagwira bondo. Anayang'ana nsombazo nthawi yaitali.

"Zaka makumi anayi ndikupikisana ndi akazi anzangawa," anatero. "Mlendo wa kwa Aluyayu atsala ndi iwe, Pei-ling."

"Ine, amayi? Nanga ikandifera?"

"Ndi mantha akowo? Ngakhale udzudzu sungafere m'manja mwako."

"Nanga inayo?" anafunsa Mei-hua.

"Ipite kwawo. Ku Liuqiu madzi ndi ofunda chaka chonse. Ndinyamuka kusanache, pa sitima yapamtunda yoyamba, masana tikakwere boti. Iwe, Mei-hua, ndiwe udzanyamule ndowa."

"Amayi, mawa kuli mapemphero," anatero Wen-lung.

"Amonke nyimbo zawo amazidziwa okha. Uwapatse tiyi."

Pei-ling anasonyeza mlamu wake kakokedwe ka kaukonde, pang'onopang'ono kuchokera pansi, kuti zipsepse zisang'ambike. Anayesera ndowa zingapo mpaka anapeza yotseka bwino. Kunja mvula ya ku Keelung inkawaza monga mwa masiku onse, mphepo ikulowera pansi pa chitseko.

"Musitima mukazizira," Pei-ling anadandaula. "Madzi ochepa chonchi sachedwa kuzizira."

Mayi Ou analowa kuchipinda osayankha. Anatuluka ndi jekete yokhuthala ya malemu, yomwe inayenera kuwotchedwa limodzi ndi maluwa. Anaiveka ndowa ija, n'kumanga mabatani mpaka m'khosi.

"Chaka chimene Wen-lung anabadwa, magetsi anathima kukuzizira koopsa," anatero. "Bambo wanu anafunditsa ine ndi mwana bulangete, jekete iyi anafunditsa nsomba. Iye anakhala pakati, atavala malaya okha, akufunsa uku ndi uku ngati tafundidwa."

Anawongola kolala, n'kuika ndowayo pakhomo, pafupi ndi nsapato zawo.