Mbale ya Bawuti

Bawuti ananunkhiza nyamayo kamodzi, n'kukhala pansi moyang'anizana ndi mbale. Tinali titaima m'mbali mwa msewu, pansi pa chikwangwani cha chinenero chimene sindinkatha kuwerenga, ndipo sabata inali itatha galuyo asanaike kanthu m'kamwa kupatula madzi.

"Idya, iwe," anatero a Chipewa, akukankhira mbaleyo ndi nsapato. "Nyama imeneyi ineyo ndikuimezera malovu. Ukufuna tikubweretsere foloko?"

Galuyo sanawalabadire. Anandiyang'ana ine, osati m'maso koma pakamwa, kwa nthawi yaitali, dovu likutsika. Kenako anadzuka mwapang'onopang'ono ngati nkhalamba, nakwera kumpando wakumbuyo, n'kugona pa ovololo ya mbuye wake.

Mbuye wakeyo anali achimwene anga. Anagwira ntchito ya umakaniko m'dziko la eni lija zaka khumi ndi ziwiri, mpaka m'mawa wina anagwa pagalaja, sipanala ili m'manja, osadzukanso. Mapepala onyamulira thupi akanatenga milungu, choncho tinawaika komweko, m'manda a mizere yowongoka, tilipo anthu asanu ndi awiri. M'chipinda chawo ndinapezamo bedi, mpando umodzi, kasitovu, ndi galu wofiirira wong'ambika khutu atagona pakhomo. Mwini nyumba ankafuna chipindacho Lolemba lisanafike. Galuyo sankamufuna ngakhale panja.

A Chipewa anali mnzawo wa pagalaja, munthu wakwathu komwe. Dzinali anawapatsa chifukwa panalibe amene anaonapo mutu wawo uli pamtunda. Ngakhale kumanda kuja anangogwira mlomo wa chipewacho ndi zala ziwiri. Ndiwo anadzipereka kuyendetsa kagalimoto ka achimwene mpaka kwathu, ulendo wa masiku anayi. Tisananyamuke, dokotala wa ziweto anamubaya Bawuti jakisoni, nadinda kalata, natichenjeza kudzera mwa a Chipewa kuti kumalire amamuyang'ana galu aliyense. Wooneka wodwala sawoloka. Amamutenga, ndipo wotengedwayo sabweranso.

Tsiku lachiwirilo msewu unadutsa m'minda yotakata yopanda munthu, kenako m'matauni ang'onoang'ono a nyumba zotseka mawindo. Ndinaona kuti pa bampu iliyonse a Chipewa ankachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima, diso lili pa kalirole, kuti galu amene ankamunyoza uja asagwe pampando. Pamalo omwetsera mafuta, mayi wothira mafuta anapukuta galasi lakutsogolo, kenako anapukutanso lakumbuyo pomwe Bawuti anatsamirapo mphuno, ngakhale panalibe anamupempha.

Foni inalira masana. Anali amayi.

"Muli pati, mwana wanga?"

"Sindikudziwa dzina lake, amayi. Pali minda."

"Wadya?"

"Ndadya."

Ndinadziwa funso limene linkabwera, pakuti linali litabwera kale kawiri mozungulira.

"M'chipinda chake chija, sunapezemo Baibulo?"

"Ayi, amayi."

"Ngakhale kabuku ka nyimbo? Unayang'ana pansi pa matiresi?"

"Ndinayang'ana."

"Chabwino," anatero ndi mawu aang'ono. "Mulungu ndiye amadziwa."

Achimwene anasiya tchalitchi chaka chimene bambo anamwalira. Tinawapempherera bambowo miyezi inayi, mabondo mpaka kuchita zikang'a, ndipo titabwera kumanda achimwene anati iwo alankhula mokwanira ndi munthu wosayankha. Sanakangane ndi aliyense. Ankangondiseka pafoni: "Mayi Busa, mwandinenerako kwa abwana anu lero?" Ine ndinkaseka nawo, koma amayi sankaseka. Imfa ya achimwene amayi anailandira. Chimene chinkawadya chinali chakuti mwana wawo wapita atafulatira.

"Akulu aja ndi pemphero?" anatero a Chipewa nditatseka foni. "Ankati mabondo awo ndi ogwadira pansi pa galimoto basi. Tsiku lina kunabwera wolalikira pagalaja, anamupatsa jeke yokwezera galimoto kuti agwire."

Anaseka, kenako anandiona nkhope, kuseka kuja n'kuthera panjira. Titayenda pang'ono anatulutsa lalanje m'thumba la jekete, nalisenda ndi chala chamanthu, dzanja lina lili pa chiwongolero, n'kundipatsa lonse.

Ine ndine munthu wopempherera mumtima. Kuyambira ndili mtsikana ndimachita manyazi kumveka mawu pamaso pa anthu. Ndimangoweramitsa mutu, milomo osagwedezeka. Ndipo chichokereni kumanda kuja ngakhale mumtimamo munali mouma. Ndinkangoti, Ambuye, galuyu. Ndi chokhacho chamoyo chimene achimwene anasiya.

M'mawa wa tsiku lachitatu Bawuti analephera kutsika yekha. A Chipewa anamunyamula ngati mwana, nthiti zikuwerengeka pansi pa ubweya.

"Achemwali," anatero osandiyang'ana, "malire tifika dzuwa lisanapendeke. Mmene alilimu sadutsa. Bwanji timusiyire munthu wachifundo kuno, kusiyana n'kukamupereka tokha kwa anthu akumalire aja?"

"Akafera pakhomo pa mlendo."

"Nanga kumalireko akafera pati?"

Tinapitiriza ulendo.

Tinaima pa kamalo kodyera ka matebulo anayi pakhonde. Mwini wake, mayi wonenepa wa epuloni yamaluwa, anayang'ana duku langa lakuda, nayang'ana galu, n'kulowa m'kati osafunsa kanthu. Anabwera ndi mpunga wosakaniza ndi msuzi ndi tizidutswa ta chiwindi, atauuzira kuti uzizire, nauthira m'mbale ya Bawuti. Galuyo anadzikoka, nakhala moyang'anizana ndi mbale monga mwa masiku onse, maso ali pakamwa panga.

Patebulo loyandikana nafe panali bambo ndi mayi okalamba. Chakudya chawo chitafika anagwirana manja, bamboyo nayamba kupemphera motsitsa mawu m'chinenero chawo. Sindinamvepo kalikonse kufikira liwu lomaliza, limene ndi limodzi kulikonse.

"Ameni."

Khutu long'ambika lija linaimirira. Bawuti anatsitsa mutu mpaka mphuno inakhudza mpunga, kenako anaima, natembenukira kwa okalambawo, nabwerera kwa ine.

"Mwaona?" ndinanong'ona.

"Ndaona chiyani? Ntchentche yamuluma."

Ndinatsika pampando n'kugwada pasimenti pambali pa mbale. Anthu ankandiyang'ana, nkhope inanditentha. Pemphero la chakudya ndinkadziwa limodzi lokha, limene amayi anapeka okha tili ana, lomwe tinkalinena mothamanga maso ali pa ndiwo. Mawu anatuluka osasa.

"Atate, mwatipatsa lero monga munatipatsira dzulo."

Ndisanamalize mzere woyambawo, Bawuti anagona chafufumimba, nasanjika miyendo yakutsogolo, naika chibwano pamwamba pake, n'kutsinzina. Sanachite mozengereza ayi. Anachita ngati munthu wolowa m'nyumba mwake.

"Kumbukirani amene alibe," ndinapitiriza, "ndi amene ali kutali ndi kwawo."

Apa ndinadukiza. Ndinaona chipinda chija, mpando umodzi, chitseko chotseka, munthu wa manja a girisi ataweramira mbale yake madzulo aliwonse, popanda womuona koma galu. Zaka zingati? Galu saphunzira zotere tsiku limodzi.

"Malizani, achemwali," anatero a Chipewa motsitsa. "Akudikira."

"Ameni."

Anadya. Anadya mpaka mbale inayenda pasimenti n'kukagunda mwendo wa tebulo, mwini malo uja akuwomba m'manja n'kuthamangira kukhitchini kukatenga zina. Nditadzutsa mutu ndinaona dazi lotuwa, lokhala ndi chipsera chachitali pamwamba pa khutu. A Chipewa anali ataimirira, chipewa chili pachifuwa, akuchipotokola ngati chonyowa.

"Zaka khumi ndi ziwiri," anatero. "Tinkadyera limodzi masana pagalaja. Ankangoyamba kudya ngati wina aliyense. Kani ankabisa. Wakuba ameneyu. Wakuba weniweni." Anapukuta mphuno ndi chipewa chomwecho.

Tinadikira maola awiri kuti chakudya chikhazikike, n'kumupatsanso pang'ono. Kumalire woyang'ana ziweto anamutsegula kukamwa, namuyendetsa kuchoka pa mzati wina kufika pa wina. Bawuti anayenda mopepesuka, koma anayenda, ndipo atafika kumapeto anauwa kamodzi, kuuwa njinga yamoto. Chidindo chinagwa pakalata.

Za pempherolo amayi sindinawauze pafoni. Sindinadziwe mouyambira.

Tinafika kwathu mawa lake dzuwa likuswa mtengo. Amayi anatuluka atagwira khoma, nalandira ovololo ija, naifungatira kumaso nthawi yaitali. Galuyo amayi anangomuyang'ana chapatali. Sanakondepo agalu moyo wawo wonse. Komabe alendo atamwa madzi, anapita okha kukhitchini, nabwera ndi zotsala za m'mawa, nazikhuthulira m'mbale ya Bawuti pakhonde.

Bawuti anakhala pansi, nawayang'ana pakamwa.

"Nanga bwanji sakudya? Akunyansidwa nacho?"

"Akudikira inu, amayi. Nenani pemphero lija la chakudya. Mokweza."

"Kupempherera galu? Wasokonezeka mutu m'njiramu?"

"Nenani basi."

Anandiyang'ana, nayang'ana a Chipewa amene anali atavula kale chipewa, n'kuyamba monyinyirika. Pa mawu oyamba galuyo anagona, nasanjika miyendo, natsinzina. Amayi anadukiza. Dzanja lawo linafufuza mzati wa khonde.

"Anamuphunzitsa ndani?"



Anayambiranso, pang'onopang'ono tsopano, mpaka pa amene ali kutali ndi kwawo. Pamenepo mawu anawathera. Anakhala pansi pasimenti, ovololo ili pamiyendo, milomo ikugwedezeka popanda chotuluka. Nkhuku inayandikira mbale, n'kujompha kamodzi. Bawuti sanasunthe. Anangotsegula diso limodzi, nawayang'ana, n'kulitsekanso.