Rauta ya alamu

Rauta ya intaneti ya m'nyumba mwathu inali yaikulu msinkhu kuposa mwana wathu wachisamba, koma amuna anga ankaiteteza ngati m'bale wawo. Inkakhala pamwamba pa kabati pabalaza, kanyanga kake kamodzi kali komanga ndi selotepi, ndipo ikatentha inkanunkha ngati nsapato yapulasitiki yoiwalidwa padzuwa. Anatipatsa ndi alamu, akulu awo a amuna anga, titangolowa kumene m'nyumbayi. Ndiye kuinena rautayo kunali kunena alamu.

Ine ndimaphunzitsa ana masamu pa intaneti, nditakhala patebulo lodyera ndi laputopu yanga. Ophunzira anali atandithawa mmodzimmodzi chifukwa cha kudukaduka, mpaka ndinatsala ndi mtsikana mmodzi yekha wokonzekera mayeso. Mayi ake anandiuza mosapita m'mbali kuti nkhope yanga ikadzaumanso phunziro lili mkati, apeza mphunzitsi wina. Sindinawaimbe mlandu. Ndani angapirire mphunzitsi amene mwana akafunsa funso amangoti kukamwa yasa, osayankha?

Nditanena kuti tigule ina, nyumba inasanduka bwalo la milandu. Amuna anga anati zakale ndiye zolimba, zamasiku ano n'zongokongola pamaso. Mankhwala awo anali amodzi: ikavuta, ankatenga singano n'kubaya kabowo kakumbuyo, timagetsi n'kuphethira, iwo n'kusasa m'manja ngati adokotala amaliza opaleshoni. Alamu nawo anaimba foni kudzandikumbutsa kuti rautayo sinawakhumudwitsepo. Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga anaitayiranji kwa ife, koma ndinangowathokoza.

Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti nkhani ya m'nyumba mwanga inali itafika msewu wonse. Wometa tsitsi wa khomo loyandikana nafe, munthu woti sanapondepo pabalaza pathu, anandiimitsa ndikuchokera kogula sopo n'kundilangiza kuti ndisataye chinthu chabwino, ndingoiika pawindo izipitidwa mphepo. Atelala a kutsidya kwa msewu anati zatsopanozi sizichedwa kufa, mng'ono wawo analira nazo. Ngakhale mlonda wa pasitolo ya mankhwala anali ndi maganizo ake. Aliyense katswiri, aliyense wondifunira zabwino, ndipo onse ankagwirizana kuti pawindo ndiye pabwino.

Zinandikwana. M'mawa wina amuna anga atapita kuntchito ndinaizula, n'kuiponya m'chikwama ndi zingwe zake zomwe. Ndisanatseke n'komwe geti, wometa uja anatulukira, makina ometera kudzanja ili, foni kudzanja linalo ataikweza m'mwamba. Atelala anasuzumira pakhomo akugwedeza yawo. Mlonda anandifunsa, wopanda ndi manyazi omwe, ngati kwathu magetsi azima. Ndinangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumapita.

Kusitolo, mayi wogulitsa anaiyatsa, anayang'ana pafoni yake, n'kuseka. Anati kukalamba yakalambadi, koma vuto lina n'lakuti ilibe pasiwedi. Kubaya kabowo kuja kumafufuta zonse, ndipo pa zakalezi khomo limatsala lotsegula, aliyense wodutsa n'kumalowa. Ndinapsa mtima. Ine kumaphunzitsa mwana wa eni ndi nyenyeswa, msewu wonse ukuonera mpira ndi mafilimu pamsana panga, kenako n'kumandipatsa malangizo!

Mayiyo anandionetsa ina ya tinyanga tambirimbiri ngati kangaude, ndinaikana. Ndinati sindinabwere kudzagula chokongoletsera kabati, ndikufuna yosatentha, yosandichititsa manyazi pamaso pa makolo, ndipo ikafa msanga ndibwere nayo andisinthire. Anatsitsa yoyera, yosaoneka mochititsa kaso, n'kunena kuti mwa zonse zimene amagulitsa, imeneyo ndi imene anthu sabwera nayo kudzadandaula. Tinaika pasiwedi yaitali pomwepo, ine ndikuona.

Madzulo ndinawafotokozera amuna anga zonse, ndikuganiza kuti akwiyira anthu aja. Ayi ndithu. Chimene chinawadetsa nkhawa n'chakuti anthu atiyesa oumira, komanso kuti alamu amva bwanji. Ndinawapatsa pasiwediyo ndikuwayang'ana m'maso.

"Bambo, iyi ndi ya anthu awiri, inu ndi ine. Ntchito yanga yatsalira pamenepa."

Anagwedeza mutu n'kunena kuti amva, si mwana iwo.

Masiku otsatira ndinaphunzitsa ngati munthu. Mawu ankamveka, nkhope inkayenda, mtsikana uja anayamba ndi kuseka komwe. Mumsewu moni anachepa, atelala ankandidutsa ngati mtengo, koma ine sizinandikhudze. Mayi a mwanayo anati Loweruka masana tichite phunziro lalitali lobwereza zonse mayeso asanafike, ndipo iwo adzakhala pambali pake kuti adzionere okha.

Loweruka lija tinayamba bwinobwino. Tili mkati mwa samu yovuta, mwana atangoti wayamba kuimvetsa, chithunzi chinauma. Ndinatuluka n'kulowanso, chinayenda pang'ono n'kuumanso, mayi aja atatsamira kutsogolo, nkhope ili gwa. Ndinathamangira pakabati, timagetsi tonse tinali bwino. Ndinayesanso, ndinapepesa, ndinalankhula ndekha ngati wamisala, thukuta lili kamukamu. Panja kunamveka chimkokomo cha anthu okuwira chigoli, ndipo nthawi yomweyo foni yanga inalira. Unali uthenga wa mayi aja, wondithokoza mwaulemu kwambiri pa zonse ndi kundiuza kuti ndisavutikenso.

Ndinakhala pampando osatha ngakhale kulira. Ndili chikhalire, chitseko chinatseguka. Analowa amuna anga, m'mutu mutametedwa bwino, akununkhira mafuta a kometa, kumaso kuli mwee.

"Mayi, pajatu munasankha bwino," anatero akukolowekera jekete kuseri kwa chitseko. "Wometa akuti mpira sunaonekepo chonchi, ngakhale kuduka kamodzi. Anthu adzaza mpaka panja, aliyense pafoni pake, onse akukutamandani. Pasiwedi ija inetu ndinangouza iye yekha, poti anandipempha mwaulemu."

Atatero anadzithirira madzi akumwa, n'kundifunsa chimene ndikuwayang'anira choncho.