Maselo a Atelala

"Munthu saikidwa theka, alamu," anatero bambo aang'ono, atakumbatira chipewa pachifuwa. "Achimwene tinawaika Loweruka. Nanga izi zatsala muno n'zachiyani?"

Ankauza mayi, mkazi wa malemuwo, ali m'chipinda chofufuzira matenda. Mzime, mwana womaliza wa malemuwo, anaima pafupi ndi kabati yachitsulo yofunda imene inkalira chapansipansi. M'kabatimo munali timbale tagalasi, ndipo m'timbalemo munali maselo a bambo ake, amoyo.

Bambowo anali telala. Moyo wawo wonse mapazi awo ankatentha ngati aponda makala, ngakhale kukangofunda pang'ono, moti ankasoka phazi limodzi lili m'beseni la madzi ozizira. Chaka chatha anapereka kachikopa ka pamkono kwa dokotala wofufuza za ululu. Dokotala wamkaziyo ndiye anaitana banjali Lachinayi limeneli.

"Atelala anati akadzapita, banja ndilo lidzanene," anatero adokotala. "Mukati tisiye, lero lomwe tisiya. Koma muone kaye."

Anaika kambale kamodzi pa maikulosikopu n'kuzimitsa magetsi. Pa kompyuta panaoneka timadontho totuwa.

"Kachikopa kaja tinakasandutsa maselo a mitsempha yomva kutentha. Selo lililonse lili ndi timakomo. Kutentha kukafika, timakomoto timatseguka, mchere wotchedwa kashiamu umalowa, ndipo uthenga wa ululu umanyamuka. Taikamo mankhwala owala kashiamu akachuluka. Maselo awa ndi a munthu wina."

Anathira dontho la madzi ofunda. Timadontho tija tinathwanima mobiriwira, kenako tinazima.

"Timakomo tatseka, ndipo selo lamutulutsa kashiamu uja. Tsopano a atelala."

Dontho lomwelo, kufunda komweko. Kompyuta yonse inayaka. Anadikira. Sinazime. Kuwalako kunkaoneka pankhope ya mayi, pa magalasi a bambo aang'ono.

"Mpaka liti?" anafunsa mayi.

"Nthawi zina mpaka ine nditamwa tiyi n'kubwerako."

Bambo aang'ono anakhala pampando mosayang'ana n'komwe. "Ndiye munthuyu ankasita masuti a anthu ndi simbi yamoto! Ine n'kumamunena kuti bakha, wosachoka m'madzi."

"Iwo ankakunenani kuti nkhuku, yoopa kusamba," anatero mayi. Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Mzime sanaseke. M'chipindamo munali motentha, ndipo mapazi ake anali atayamba kale. Anavula nsapato imodzi mwakachetechete n'kuponda simenti. Zimenezi zinamuyamba chaka chatha, koma sanauze munthu.

"Komabe magazi athu asamakhale m'kabati ya eni," anatero bambo aang'ono, mawu atafewa. "Akupindulira ndani? Mwini wake wapuma."

"Tikuyesa mankhwala othandiza timakomoto kutseka," anayankha adokotala. "Sindikulonjeza kanthu, mwina zitenga zaka. Nawonso ndinawauza choncho. Sitinachite kuwafunafuna, anabwera okha. Anati, 'Ine zanga zatha, adokotala. Koma mwana wanga wayamba kuvula nsapato.'"

Mayi anayang'ana pansi. Bambo aang'ono nawo anayang'ana pansi. Phazi la Mzime linali pa simenti, lofiira mpaka m'kakolo.

"Iwe mwana," anatero mayi. "Chiyambire liti?"

"Ndimati chisiya chokha, amayi."

Bambo aang'ono anaimirira, navala chipewa, n'kuchivulanso. Anapita pa kabati ija n'kuikapo dzanja monga munthu amagwirira phewa la mnzake.

"Basi, achimwene, pitirizani ntchito. Kupuma kwake n'kumeneku." Anatembenukira kwa adokotala. "Muziwadyetsa bwino. Njala sankaipirira ameneyu."

"Zikomo, amayi," anatero mayi, atagwira dzanja la adokotala ndi manja awiri. "Mwatisungira munthu."

Pobwerera, mayi ndi Mzime anadzera kushopu kukasonkhanitsa zovala za makasitomala. Choko chinali pamene bambo anachisiya, tepi yoyezera ili lende pa msomali. Mzime anagwada kuti atulutse beseni lakale lija pansi pa makina. Kumbuyo kwake kunali lina, latsopano, laling'onopo. M'mphepete mwake monse munali nsalu yofewa yosokedwa ndi manja, kuti lisamadye akakolo.

Mayi analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analitenga, nakalidzaza pampopi, n'kulikankhira kwa mwana wawo ndi phazi, monga ankachitira ndi linalo m'mawa uliwonse.