Kachipinda Kamene Kabawi Ankathawiramo

Nkhani iyi ndinaimva kwa bambo wina wa zomangamanga, tsiku limene basi inatifera panjira, tonse titakhalira zikwama zathu kudikira makaniko. Ine miyendo yanga sinaphunzire kukhala malo amodzi, ndipo chimene ndatola m'maulendo si chuma ayi, koma nkhani za eni ake. Bamboyu ntchito yake inali kuima pansi pa kireni, chimakina chachitali chija chonyamula zitsulo pomanga nyumba zosanjikiza, n'kumauza woyendetsa wake kumwamba kuti kweza, tsitsa, ima. Woyendetsayo anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, ndipo nkhaniyi ndi ya iyeyo.

Pantchito ankamutcha Kabawi, poti ankaswera m'mwamba akuyang'ana anthu paliwombo. M'mawa ankakwera makwerero mpaka m'kabokosi kagalasi, n'kukhala pampando, dzanja lililonse pa chogwirira chake. Nthawi zambiri kumene katundu akukatera sankakuona, makoma ankatchinga. Maso ake anali mlamu wakeyo, kudzera pa wayilesi ya m'manja.

"Alamu, mwagona kumeneko? Tsitsani, si dzira limeneli."

"Khalani chete inu, ndingakuvekeni chitsulochi ngati chipewa, achemwali anga apumeko."

Anthu ankati Kabawi mtima wake ndi mwala. Sankadziwa kuti mphepo ikawomba, kapitao akukalipa pa wayilesi, malole akuliza mahutala pageti, chifuwa chinkamuthina ndipo manja ankayamba kunjenjemera. Manja onjenjemera pa kireni ndi maliro a munthu amene waima pansi. Mankhwala ake anali amodzi okha. Ankaimitsa katundu, n'kutsinzina pang'ono, n'kulowa m'kachipinda kena ka m'mutu mwake.

Kachipindako kanali bafa la nyumba imene anakuliramo. Pansi simenti yozizira. Pamwamba kawindo ka galasi losaonetsa kunja, dzuwa la masana likulowa loyera ngati mkaka. Fungo la sopo wochapira. Mpopi wotsegula mpaka kumapeto, madzi akuwomba m'beseni lachitsulo, phokoso lodzaza makutu moti china chilichonse sichinkamveka. Iye ali kamwana, akuyandamitsa chitsekerero cha botolo ngati sitima. Akapuma kangapo m'menemo, manja ankakhazikika okha, katundu n'kutsika ngati nthenga.

Sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake. Mwamuna wandevu anganene bwanji kuti akachita mantha amathawira kubafa? Anzake akanamugulira mankhwala a m'mimba.

Kenaka achemwali ake, mkazi wa mlamu wake uja, anadwala. Iwowa ndi amene anamulera makolo atamwalira, mayi wolimba wosadziwa kulira pagulu. Madokotala anapeza chotupa m'mimba, n'kunena kuti opareshoni ichitike. Masana a tsiku loti mawa alowa ku opareshoni, Kabawi ndi mlamu wake anapita kukawaona. Anawapeza pa bedi lapakona, diripi ili pamkono, atagwira nsalu yofunda ndi manja awiri, manjawo akunjenjemera. Kabawi ataona, anaona manja ake omwe. Anaganiza kuti mankhwala obisira mlongo wako si mankhwala.

"Achemwali, tatsinzinani. Ndikupititseni kwinakwake."

"Iwe, mawa adokotala akanditsinzinitsa, nawenso ukufuna uyambiretu lero?"

"Tatsinzinani basi."

Anatsinzina. Iye anayamba pang'onopang'ono, monga ankadziuzira yekha m'mwamba muja: simenti yozizira, kawindo, fungo la sopo. Atafika pa mpopi, achemwali anatsegula maso.

"Wati chiyani?"

"Mpopi uja, madzi akuwomba m'beseni. Mwaiwala? Ine zikandivuta pantchito ndimapita kumeneko."

"Umapita kumeneko? Mwadala?"

"Palibe malo ena amene ndinakhalapo ndi mtendere ngati m'mene muja."

Achemwali anadzuka n'kukhala tsonga, diripi n'kugwedezeka pa chitsulo chake. Anamuyang'ana ngati munthu amene waona njoka pabedi la mwana.

"Mwana wa amayi, kodi ukuyesa tinkakusambitsa? Taganiza bwino. Unkakhala utavala chiyani?"

Kabawi anafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere. Zaka zonsezi ankadziona m'bafamo ali ndi kabudula ndi malaya, zouma. Sanadzifunsepo chifukwa chake.

"Mpopi uja ndinkatsegula ndine," anatero achemwali. "Bambo akayamba kumenya amayi, ndinkakunyamula n'kuthamangira nawe m'bafa. Ndinkatsegula mpaka kumapeto kuti usamve. Chitseko chinalibe loko, ndiye ine ndinkakhala pansi n'kuchitsamira. Iwe uli ndi kasitima kako. Ine ndinkamva zonse, chitseko chija chinali chopyapyala ngati katoni."

"Bambo?"

"Nanga dzino lija amayi ankati anagwa pa sitepe, nyumba yathu inali ndi sitepe?"

Bambo amene Kabawi ankawadziwa anali munthu wofatsa, wokonza mawayilesi, womunyamula paphewa popita kukameta. Chithunzi chawo chinali pakhoma pabalaza pake, ndipo ana ake ankachipukuta fumbi. Mlamu wake anali ataima ndi fulasiki m'manja, kukamwa yasa. Naye zimenezi ankazimva koyamba, chikhalirecho mkaziyo anagona naye nyumba imodzi mpaka imvi.

Namwino anadutsa akuwomba m'manja kuti nthawi yoona odwala yatha. Achemwali anamugwira chala.

"Ndakuonongera, eti? Ndimayesa umadziwa."

Iye anangotuluka. Pakhonde anagunda mayi wina wonyamula beseni, osapepesa n'komwe.

M'mawa mwake onse awiri anapita kuntchito. Kapitao anakana kuwamasula, poti linali tsiku lokweza chitsulo chachikulu cha denga, ndipo msewu anali atautsekera m'mawa umenewo wokha. Mlamu naye anati bola kutero kusiyana n'kukhala pabenchi ya chipatala akuyang'ana chitseko.

Chitsulocho chinali chachitali ngati lole. Chinayenera kudutsa pamwamba pa khoma n'kutsikira m'kampata kopapatiza, pakati pa khomalo ndi nsanja za amisiri. M'kampatamo munaima mlamu ndi amisiri awiri atagwira zingwe zowongolera. Pothawira panalibe.

Chinakwera bwinobwino. Chitangodutsa khoma, Kabawi osachionanso, mphepo inadzuka. Anamva kireni yonse ikulira m'mafupa ake, waya akukoka uku ndi uku. Chifuwa chinathina. Mwachizolowezi anatsinzina, n'kulowa. Simenti yozizira, kawindo, sopo, mpopi. Koma tsopano pansi pa phokoso la madzi panali zina: mpando ukugwa, mbale ikusweka, mawu a amayi ake akutchula dzina la bambo ake mopempha.

Anatsegula maso akuwefuka. Dzanja lamanja linadumpha lokha pa chogwirira. Kuseri kwa khoma kunamveka kuti khooo, matabwa n'kugwa motsatizana.

"Alamu, ima! Ima! Chagunda nsanja, chikubwerera pa ife!"

Mawu amenewo analibe nthabwala m'kati. Kapitao naye analowerera akutukwana. Kabawi anayang'ana manja ake, ndipo ankavina ngati a munthu wa malungo. Anasakasaka malo ena m'mutu mwake. Pabalaza pake, anapezapo chithunzi chija. Paphewa pa bambo ake, anathawapo msanga. Munthu wa zaka zake zonsezo anapezeka kuti ali ndi kachipinda kamodzi kokha.

Anabwereramo. Koma sanapite pa beseni. Anakhala pansi pa chitseko, iye wamkulu yemweyu, ndi majombo ake ndi ovolosi, n'kuchitsamira. Zonse ankazimva. Chitseko chinkamugunda kumsana. Patsogolo pake panali kamwana kovala kabudula wouma, kakukankha chitsekerero cha botolo ndi chala, kosadziwa kanthu. Mtendere munalibe m'menemo, ngakhale pang'ono. Koma munthu amene wagwirira mwana chitseko alibe mpata wonjenjemera.

"Alamu," anatero pa wayilesi, "ndiuzeni chikulowera kuti. Kapitao atseke pakamwa."

"Kukhoma. Chikubwerera. Kukhomanso."

Katundu wolendewera salimbana naye, amamutsatira. Chikamapita kukhoma, iye ankasuntha mkono wa kireni kulowera komweko, pang'ono, kuti waya aime chilili. Chikamabwerera, nayenso ankabwerera nacho. Kugwedezeka kuja kunayamba kuchepa, mpaka mlamu anati tsitsa, tsitsa, tsitsa, basi. Kenaka pa wayilesi panamveka mawu a mlamu:

"Mukanandipha, achemwali anu akanadzuka pa tebulo la adokotala n'kubwera kudzakuthirani makofi ndi diripi yomwe."

Kabawi anatuluka m'kabokosi kake. Anatsika makwerero ngati nkhalamba, ndipo atafika pansi anasanza. Mmisiri wina anali atang'ambika pachipumi ndi thabwa, koma palibe amene anafa. Atakhala pa mulu wa mchenga, Kabawi anauza mlamu wake kumene anapita m'mutu mwake ndi pamene anakhala. Masana anamva kuti achemwali atuluka bwino, adzuka, ndipo ayamba kale kukalipira anamwino.

Makaniko atafika ndinamufunsa bamboyo ngati mlamu wake akadali pa kireni. Anati eya, ndipo mpaka pano iye mwini amaimabe pansi pa kireniyo.

Za mpopi ndi chitseko ndikuzikhulupirira, chifukwa nyumba zotere ndagonamo zambiri m'maulendo angawa. Koma zoti manja anakhazikika chifukwa anatsamira chitseko cha m'mutu mwake, pamenepo ndikukayika. Amene anandiuza anali pansi, m'mutu mwa mnzake sanalowemo, anangomva kwa munthu amene anali atangosanza kumene. Mwina mphepo inangoleka yokha.