Kachingwe ka Ukonde

Ndinakhala zaka zinayi mu timu ya basiketibolo ya koleji ya Harlan Ridge, koma mutawonkhetsa mphindi zonse zomwe ndinalowa m'bwalo pa masewero enieni, simungawiritse nazo ngakhale dzira. Dzina langa ndi Lyle Petrasek. Palibe anandiitana ku timuyo. Ndinapita ndekha tsiku loyesa osewera, ndipo Kochi Brubaker ananditenga chifukwa cha luso limodzi lokha: ndimatha kutsanzira anthu.

Lolemba lililonse ankandipatsa kanema wa wosewera woopsa wa timu yomwe tikumane nayo Loweruka. Ndinkamuonera mpaka maso kuwawa: mmene amagundira mpira pansi, mwendo womwe amatsogoza, nkhope yomwe amachita akafuna kuponya. Lachiwiri ndinkavala jezi yofiira n'kusanduka munthu ameneyo, kuti anzanga aphunzire kumugwira. Likafika Loweruka ndinkavala jezi yathu yoyera n'kukakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chigubu cha madzi. Ndinakhalapo munthu aliyense mu ligi yathu, kupatula ine mwini.

Sindinkadandaula, chifukwa ndinali ndi choyembekezera. Pa Harlan Ridge pali mwambo womwe unayamba Kochi asanamere imvi. Pa masewero omaliza apakhomo, osewera a chaka chomaliza ndiwo amayamba, kaya ndiwe katswiri kaya ndiwe wa pachigubu. Amakutchula dzina pa chinkuzamawu makolo ako ali pomwepo, umasewera mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako umatuluka anthu akuwomba m'manja. Chaka chimenecho omaliza tinalipo awiri, ine ndi kaputeni wathu Cedric Mabry.

Bambo anga, a Orville, ali ndi galaja ku Nebraska, ulendo wa maola khumi ndi limodzi pagalimoto. Anali asanabwerepo kudzandiona, ndipo ndinkawaletsa ndine. Ndinkati, mutseke galaja masiku awiri kuti mudzaone ndikuwombera anzanga m'manja? Koma tsiku la masewero omaliza apakhomo lokha analizunguliza ndi cholembera pa kalendala ya kugalaja mu Sepitembala.

Cedric anali mnzanga wa chipinda chimodzi kuyambira chaka choyamba. Anadyako nkhukundembo kwathu katatu pa tchuthi cha mu Novembala, poti kwawo kunali kutali. Kagalimoto kake kotha matayala Bambo anakakonza ndi manja awo, ndipo ankamutchula kuti mwana wanga wachiwiri. Ine ndinkadziwa kuti amaliza mkonono akagona chagada, iye ankadziwa za kalendala ija.

Nyengo ya masewero tinaiyamba ngati anthu olodzedwa. Pa masewero asanu ndi awiri oyambirira tinagonja asanu. Kochi anathyola bolodi lawo lolembapo, anthu a m'tauni anasiya kubwera, ndipo tsiku lina basi yathu inatitimira mu chipale chofewa ife tikuchokera kogonja ndi mapointi makumi awiri. Tinaikankha tokha titavala nsapato zosewerera. Sindikudziwa ngati ndi basiyo inatigwirizanitsa, koma titabwerako ku Khirisimasi tinawina kakhumi ndi kamodzi motsatizana. Malo odyera anayamba kupachika zithunzi zathu. Ngakhale ine mayi wa pasitolo anandifunsa ngati ndili mu timu, ndipo nditavomera anandiyang'ana mokayikira.

Ndiye zinangochitika kuti masewero omaliza apakhomo aja ndiwo anali odziwitsa mwini chikho cha ligi. Tinkakumana ndi Fort Ansley, timu ya Dashiell Roark, nambala 4, mnyamata wamanzere yemwe palibe anamugwirapo chaka chonse.

Sabata imeneyo ndinasanduka Roark mpaka m'mano. Ndinkadya ndi dzanja lamanzere, kutsuka mkamwa ndi lamanzere, kutsegula chitseko ndi lamanzere.

"Aise, wathira msuzi pabedi langa," anatero Cedric.

"Si ine, ndi Roark."

"Umuuze Roark wakoyo akachape."

Lachitatu ndinamupyola Cedric kanayi kotsatizana ndi kachinyengo ka Roark, kotsitsa phewa lamanja ngati akupita uko kenako n'kutembenukira kumanzere. Kachinayi timu yonse inaseka, ndipo Cedric anamenya mpira kukhoma. Kochi anaimba wezulo n'kunena kuti tibwereze mpaka Cedric atakadziwa kachinyengoko.

Tikuvala nsapato Lachinayi, Cedric anandifunsa osandiyang'ana.

"Za Loweruka, ukuchita mantha?"

"Kwambiri. Koma mphindi ziwiri sindingagwetse nazo dziko."

"Roark m'mphindi ziwiri amagoletsa zigoli zisanu ndi zitatu."

"Ndiye iwe udzabweza khumi. Si ndiwe kaputeni?"

Anaseka, ine ndinasekanso. Lachisanu masana anati akupita ku ofesi ya Kochi kukaonera kanema, ndipo sindinaganizepo kanthu.

Bambo anafika Loweruka m'mawa, atavala jekete latsopano lomwe linali likadali ndi mizere ya mupaketi. Zala anazikwecha mpaka kufiira, koma oilo wa m'zikhadabo anakana. Tinadya mazira ndi nyama yankhumba pamalo odyera a pafupi ndi koleji, ndipo anauza woperekera zakudya, wophika, ndi anthu a tebulo loyandikana nalo kuti mwana wawo akuyamba lero. Anandionetsa foni yawo. Anali ataphunzira kujambula kanema kwa mdzukulu wa mnansi wawo, sabata yathunthu.

Masewero anali oti ayambe 2 koloko. Nditalowa m'chipinda chovalira, mayina asanu anali atalembedwa kale pabolodi. Ndinawerenga kuchokera pamwamba. Ndinawerenganso kuchokera pansi, ngati kuti dzina lingabisale pakati pa mayina asanu. Langa panalibe.

Kochi Brubaker si munthu wolankhula. Anadutsa pomwe ndinakhala, anandigwira phewa mwamphamvu, anagwedeza mutu kamodzi n'kupitirira. Ndinati mdala uyu wandichotsa, ndiye akubweranso kudzandisisita ngati galu. Ndinadzuka kuti ndiwatsatire, koma Cedric anandigwira jezi.

"Asiye, aise," anandinong'oneza. "Mdala ameneyu alibe mtima, tonse tikudziwa. Koma ukayankhula pano usokoneza anyamata. Tithana nazo tikamaliza."

Ndinakhala pansi. Zaka zinayi ndinali nditaphunzira bwino kukhala pansi. Ndipo ndinamuthokoza mumtima kuti mwa anthu onse, mmodzi yekha wamva kuwawa kwanga.

Masewero asanayambe anatiitana ine ndi Cedric pakati pabwalo ndi makolo athu, kutipatsa maluwa ndi chithunzi. Ndinayenda ndi Bambo atandikolowekera mkono. Ndinafuna kuwauza pomwepo, koma ankamwetulira kwambiri moti ndinangowasiya. Anabwerera pampando wawo, mzere wachitatu, n'kutulutsa foni.

Wolengeza anayamba kutchula mayina. Ndinkawaona Bambo ataimirira, foni ili m'mwamba ndi manja awiri. Dzina loyamba, lachiwiri, lachitatu. Dzina lachisanu linali la Cedric, ndipo holo yonse inagwedezeka. Bambo anakhalabe chiimire, foni ili m'mwamba, kudikira lachisanu ndi chimodzi. Munthu wa kumbuyo kwawo anawakoka jekete kuti akhale.

Za masewerowo ena angafotokoze bwino kuposa ine. Roark anagoletsa zisanu ndi ziwiri m'mphindi ziwiri zoyambirira, ine ndili pabenchi pomwepo, wosalakwa. Pofika popuma tinali kumbuyo ndi zinayi. Chigawo chachiwiri tinkangosinthana kutsogola, ndipo palibe anayang'anako kumapeto kwa benchi. Kutatsala masekondi asanu ndi anayi tinali patsogolo ndi pointi imodzi, mpira uli kwa Roark, Cedric ali patsogolo pake. Ndinaona phewa lamanja likutsika. Ndinakuwa ndisanaganize.

"Manzere, Cedric!"

Cedric anali atapita kale kumanzereko. Anaumenya mpira uja, mnzathu wina anautola, a Fort Ansley anamuchita chipongwe, iye anaponya mipira iwiri ya chilango n'kugoletsa yonse, ndipo nthawi inatha. Tinawina 68 kwa 65. Anthu anakhamukira m'bwalo, ine ndinadumpha nawo, chifukwa ngakhale mtima ukuwawa, chikho ndi chikho.

Timu ikatenga ligi imadula ukonde wa pachigoli. Amabweretsa makwerero ndi sizasi, wosewera aliyense amakwera kukadula kachingwe kake, ndipo kochi amamaliza. Makwerero atafika, Kochi anatenga chinkuzamawu, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita.

"Ndili ndi mawu amodzi," anatero, holo n'kukhala chete. "Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sindinaphwanyepo mwambo wa tsiku lino, ndipo sindikanauphwanya lero. Dzina la Lyle Petrasek ndinali nditalilemba kale. Koma dzulo kaputeni wanga anabwera ndi uthenga wochokera kwa Lyle, woti akupereka malo ake chifukwa cha timu, ndipo sakufuna kuti ndimufunse kanthu. Ndinalemekeza zimenezo. Mnyamata wotere sindinamuonepo. Woyamba kukwera akhale iye."

Holo inaphulika. Ankatchula dzina langa, anthu zikwi ziwiri, monga ndinkalotera zaka zinayi. Ndinayang'ana mzere wachitatu ndipo ndinaona Bambo akulira poyera, akupukuta nkhope ndi mkono wa jekete latsopano lija, foni ili m'mwamba.

Wina anandipatsa sizasi. Wogwira makwerero anali Cedric. Ndinaika phazi pa sitepe yoyamba n'kuwerama ngati ndikumanga nsapato.

"Uthenga wanga?" ndinatero.

Sanandiyang'ane. "Kwera, aise, anthu akudikira."

"Mdala alibe mtima, eti?"

"Tawina, Lyle. Tamva mmene akukutchulira. Mphindi ziwiri zikanakupatsa zimenezi?"

"Bwanji sunandifunse?"

"Ukanakana."

Ndinakwera. Pamwamba paja ndinakhalitsa kuposa mmene zimafunikira, sizasi ili m'manja, ndikudzifunsa ngati ndikanakanadi. Ndipo chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndikanavomera. Akanakhala nane pabedi lake lothimbirira msuzi lija n'kunena kuti aise, ndikuopa Roark, ndithandize, ndikanatukwana, ndikanalira mwina, koma ndikanawaimbira Bambo n'kuwafotokozera ndekha. Chinali chinthu chimodzi chokha chomwe ndinali nacho choti ndingapereke ku timu imeneyi. Iye anachitenga m'thumba mwanga, n'kukachipereka m'dzina langa, kenako n'kubwera kudzandipepesa.

Ndinadula kachingwe kanga n'kutsika mbali ina ya makwerero.

Dzuwa linali lisanalowe pamene ndinawaperekeza Bambo ku galimoto yawo. Ankafuna kuyendako maola angapo kuti Lolemba atsegule galaja. Mawu anali ali pakamwa panga. Ndinali nditawakonza bwino: Bambo, sizinali choncho.

"Poyamba ndinakhumudwa, mwanawe, ndisaname," anatero akufufuza makiyi. "Ndinati kodi ndayendera chiyani mtunda wonsewu. Koma zomwe anena a Kochi zija, ayi. Wina aliyense angathe kuthamanga mphindi ziwiri. Ndazijambula zonse. Aliyense wobwera ndi galimoto yakufa aziyamba waonera kaye."

Ndinatsegula pakamwa, koma anali akuyang'ana dzanja langa.

"Kameneko ungandipatse?"

Ndinawapatsa kachingwe kaja. Anakamangirira pa galasi loonera kumbuyo, mfundo ziwiri, ndi zala zawo za oilo zija. Analiza injini, kenako anatsitsa windo.

"Umuuze Cedric abwere nawe pa Pasaka. Ndamuona mmene anakugwirira makwerero. Amene uja ndi m'bale weniweni."

"Ndimuuza, Bambo."

Kachingweko kakadali pomwepo, kanachita kuda ndi fumbi. Cedric sanapitenso kwathu, ndipo nthawi iliyonse ndikaimba foni, Bambo amandifunsa chomwe anamulakwira.